Chaka Chogwira Khutu

Mlandu wonse unayamba ndi bambo a ana anga, ndipo mpaka lero amavomera, ngakhale amavomera akuseka.

Tili ndi ana aakazi awiri. Chaka chimenecho wamkulu anali atalowa giredi yachitatu pasukulu ya kwathu kuno ku Mwase, ndipo wamng'ono anali ndi zaka zisanu, kamwana kakafupi, kamutu waukulu, kosadziwa kuyenda koma kuthamanga basi. M'mawa uliwonse mkulu wake akavala yunifolomu, nayenso ankavala diresi lake lakutchalitchi, n'kuika chikuto cha buku lakale m'kathumba ka pulasitiki, n'kukaima pakhomo ngati munthu woyembekeza minibasi ya ku Chipata. Ndinkachita kumugwira m'chiuno mpaka mkulu wakeyo atazimiririka kuseri kwa munda wa fodya. Kulira kwake amayi anzanga ankakumva ali kuchitsime, ndipo ena ankati akamva kulirako amadziwa kuti nthawi yothamangitsa ana awo kusukulu yakwana.

Loweruka lina masana, bambo ake ali pansi pa mtengo wa gwafa akumata chubu cha njinga, mwanayo anawapeza ndi funso lake la masiku onse.

"Adada, ine ndiyamba liti sukulu?"

"Ukakula."

"Ndakula kale."

"Sunakule."

"Mwadziwa bwanji?"

Bambowo ankangofuna mtendere woti amalize chubu chawo. Ndiye anamuuza za nthawi yawo, kuti iwo poyamba sukulu aphunzitsi sankafunsa zaka. Ankangouza mwana kuti akweze dzanja lamanja, alidutsitse pamwamba pa mutu, agwire khutu lakumanzere. Wogwira ankalembedwa, wolephera ankabwerera kukaweta mbuzi.

"Tayesa tione."

Anayesa. Tizala take tinathera pakati penipeni pa mutu, kutali ndithu ndi khutu. Anapendeketsa khosi, anatulutsa lilime, anaima ndi zala zakumapazi ngati miyendo ingabwereke dzanja utali wake. Sizinathandize.

"Waona," anatero bambo ake, akumiza chubu m'beseni la madzi. "Tsiku limene udzagwire khutu, udzapita."

Ine ndinali pakhonde ndikusankha nyemba, ndipo mumtima ndinati amuna anga ali ndi nzeru. Lolemba m'mawa mwana sanalire. Anaperekeza mkulu wake mpaka panjira, anamutsanzika mwaulemu, n'kubwerera. Ndinamwa tiyi wanga mwakachetechete koyamba m'miyezi iwiri. Nditatuluka kukataya madzi otsukira mbale ndinamupeza akulendewera panthambi ya gwafa ndi dzanja limodzi, miyendo ili m'malere, nkhope ili gwa.

"Ukutani iwe?"

"Ndikutalikitsa."

Ankalendewera m'mawa, masana ndi madzulo. Kuwerenga mpaka khumi anaphunzirira pamtengo pomwepo, chifukwa mkulu wake anamuuza kuti asamatsike asanafike pa khumi. Akatsika ankayesa khutu nthawi yomweyo, n'kupukusa mutu, n'kukweranso. Mkulu wake akaweruka ankamukoka dzanjalo, wina uku wina uko, mpaka tsiku lina onse awiri anagwera pamphasa imene ndinayanikapo ufa, nkhuku n'kubalalika, ana n'kudzuka ali mbuu ngati atuluka m'chigayo.

Sindinganame kuti ine ndinali wosalakwa. Tsiku lina anandifunsa ali ndi nkhope ya munthu wamkulu wofunsa za mbewu.

"Amama, chimene chimatalikitsa manja msanga n'chiyani?"

Mwana ameneyu chibadwire ankadana ndi ndiwo zamasamba. Chibwabwa ankachitola n'kuchiika m'mphepete mwa mbale ngati wapeza ntchentche. Ndinaona mwayi utaima pakhomo, ndipo sindinaulole kuti upitirire.

"Chibwabwa," ndinatero. "Ndi therere. Ndi kusamba osalira."

Kuyambira tsiku limenelo ankadya chibwabwa ngati mbuzi yothawa pachingwe. Ankameza maso atatsinzina, n'kuika mbale pansi, n'kuyesa khutu, n'kutenganso china. Posamba ankandipatsa dzanja lamanja kuti ndilikhule kawiri. Lamanzere ankati lilibe ntchito.

Mvula ili pafupi kutha, anaganiza zina. Ngati dzanja likukana kutsikira kukhutu, khutu likwere kukakumana ndi dzanja. Ndinasowa zopanira zovala ziwiri pachingwe, ndipo ndinakazipeza kuseri kwa nyumba zili pakhutu la mwana wanga, iye akuzikokera m'mwamba ndi ulusi. Khutulo linali litafiira ngati phwetekere. Ndinamukalipira, ndinabisa zopanira zonse pamwamba pa kabati, ndipo ndinaganiza kuti nzeru zamuthera. Ndinaiwala kubisa sizasi.

Anali ndi tsitsi lambiri, lolimba, limene ndinkaliluka ndi ulusi Loweruka lililonse iye akukuwa. Tsiku lina ndinabwera kuchokera kumunda n'kumupeza atakhala pampando wa bambo ake, sizasi ili pamiyendo, tsitsi lili mbwee pansi. Mutu wake unkaoneka ngati dimba limene mwalowa ng'ombe: apa padyedwa, apa patsala, apa pali njira yoyera yochokera kukhutu lina kukafika kulina. Njirayo ndiyo anailambula mosamala.

Ndinakhala pansi pomwepo.

"Tsitsi ndi limene likutalikitsa njira, amama," anandifotokozera modekha, ngati ine ndiye mwana.

Bambo ake atafika anamuyang'ana kamodzi, n'kutsamiritsa njinga pakhoma, n'kupita kuseri kwa nkhokwe. Ndinawatsatira kuti ndiwauze kuti zonsezi ndi zawo. Ndinawapeza atagwira mzati, mapewa akugwedezeka, misozi ili chuchuchu. Ndinayamba kuwadzudzula, koma mawu anandithawa pakati, ndipo tinaima kuseri kwa nkhokweko anthu awiri akuluakulu tikuseka mobisa ngati ana akuba nzimbe. Madzulo ake tinamumeta mpala. Anayesa khutu, ndipo chala chinatsika pang'ono kuposa dzulo lake. Anatiyang'ana. Masamu ake anali olondola.

Pofika nthawi imeneyo aliyense wobwera pakhomo pathu ankayesedwa. Mayi wogulitsa kapenta panjinga anagwira khutu asanatsitse dengu. Mkulu wa mpingo, atabwera kudzationa, anaika Baibulo pamiyendo n'kugwira khutu lake mwaulemu wonse. Kutchalitchi ndinkakhala nditamupana dzanja, chifukwa Lamlungu lina analikweza pakati pa ulaliki ndipo mlaliki anaima, poganiza kuti mwana ali ndi funso.

Amalume anga, amene kwathu timati asibweni, anabwera kuchokera ku Magodi m'nyengo yokolola chimanga. Ndi munthu wa ng'ombe, wamtali, wa manja aatali ngati mipini ya makasu. Tinapatsana moni, "Monile, asibweni, muli uli?" iwo n'kuyankha kuti ali makola, kutanthauza kuti ali bwino, koma asanamwe n'komwe madzi mwana anali ataima kale patsogolo pawo.

"Agogo, tagwirani khutu. Chonchi."

Anagwira, ndipo dzanja lawo linapitirira khutu n'kufika kuchibwano. Mwana anatsegula pakamwa.

"Inu munayamba sukulu muli khanda?"

"Ine sindinapiteko, mdzukulu wanga."

"Chifukwa chiyani? Khutu mukugwira."

"Khutu ndinaligwira," anatero asibweni, "koma ng'ombe zinali zitandigwira kale ine."

Anaseka okha, koma mwanayo sanaseke. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chikuto chake cha buku chija, n'kuwaika pamiyendo, n'kuwaonetsa chilembo chimodzi chimene mkulu wake anamuphunzitsa. Asibweni anachitsata ndi chala chawo chokhakhala, pang'onopang'ono, kawiri. Ine ndinapita kukhitchini kukasonkhezera moto umene unkayaka kale bwinobwino.

Tsiku lenileni linafika m'nyengo yozizira, mwana atangokwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi. Tinali kumunda ndi amayi anzanga atatu tikuthothola mtedza. Ndinamva mawu ake ndisanamuone. Ankabwera chothamanga podutsa mizere, dzanja lili pamutu, khosi lili chopendekeka. Anapunthwa n'kugwa chafufumimba, n'kudzuka ndi dzanja limodzi, linalo osalisuntha.

"Amama, onani msanga ndisanalitaye."

Ndinagwada. Nsonga ya chala chake chapakati inali itakhudza m'mphepete mwa khutu, pamwamba penipeni, malo osakwana njere ya mpunga. Koma inali itakhudza. Mmodzi wa amayi aja anayamba nthungululu, enawo n'kulandira, ndipo anthu a m'minda yoyandikana anaimirira kuti aone ngati kwabadwa mwana. Ine ndinavina pamulu wa makoko, chitenje chikumasuka.

Bambo ake anali atapita ku boma kukagula masaka, ndipo mwana anakana kutsitsa dzanja iwo asanaone. Anadya mbatata ndi dzanja lamanzere. Dzanja lamanja litachita dzanzi analira pang'ono, n'kupempha mkulu wake kuti amugwirire chigongono. Dzuwa litapendeka anakaima panjira, ndipo njinga itangotulukira anayamba kudumphadumpha, osatha kukupiza dzanja chifukwa linali pantchito.

Bambowo anatsika, anamuzungulira, anasuzumira uku ndi uku ngati munthu wogula ng'ombe.

"Wagwira," anatero.

"Ndiye mawa ndipita."

Tinayang'anana. Chaka cha sukulu chinali pakati. Bambo ake anakhosomola n'kuyamba kufotokoza kuti kulembetsa kumachitika chaka chikamatha.

"Munati tsiku limene ndidzagwire."

"Ndinatero, koma..."

"Ndagwira lero. Ndakukhululukirani lero chifukwa kwada. Mawa."

M'mawa mwake tinanyamuka atatu, mwana pakaliyala, ine ndikuyenda pambali ndi khadi lake la kusikelo m'chikwama. Chiyembekezo chathu chinali chakuti ahedi amukaniza bwinobwino, mlandu uchoke pa ife. Ahediwo anali mayi wonenepa, wa magalasi omangirira chingwe. Mwana analowa mu ofesi dzanja lili kale pamalo pake.

"Khutu likumupweteka?" anafunsa ahedi.

Bambo ake anafotokoza, maso ali pansi. Ahedi anavula magalasi n'kuseka mpaka kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Anati iwonso anabwezedwapo kawiri pa nkhani yomweyi ali aang'ono. Anaona khadi, n'kunena kuti giredi yoyamba adikire Januwale, koma m'kalasi ya ana aang'ono, imene inkakumana m'chipinda chakale kuseri kwa ofesi, malo analipo.

Mwana anawayang'ana mokayika. "Ndi sukulu yeniyeni?"

"Ili ndi bolodi, choko ndi belu."

"Nanga aphunzitsi?"

"Aliponso."

Apo m'pamene anatsitsa dzanja.

Masiku atatu oyamba m'nyumba mwathu munali ngati mwalowa wailesi yosazima. Tinamva nyimbo iliyonse, tinamva amene analira, amene anadzikodzera, amene ali ndi pensulo yaitali. Mbuzi zathu zinaphunzitsidwa kuwerenga. Ine ndinkayenda mutu uli m'mwamba, ndikuuza aliyense kuchitsime kuti pakhomo panga palibenso mwana wotsala.

Tsiku lachinayi, dzuwa lisanatenthe, ndinamva odi. Anali mayi wa nyumba yachitatu kuchokera kwathu, atagwira mwana wake wamkazi amene nkhope inali yonyowa ndi misozi. Kumbuyo kwake kunkabwera mayi wina ndi mapasa ake, ndipo chapatali ndinaona wachitatu akukoka wake. Tinapatsana moni mwachidule kwambiri.

"Anzathu," anayamba mayi woyambayo, "kodi mwana wanu analembedwa ntchito liti pasukulu paja?"

Zinatenga kanthawi kuti ndimvetse, chifukwa amayi atatu ankayankhula nthawi imodzi ndipo ana anayi ankalira. M'mawa umenewo aphunzitsi anali atapita ku ofesi kukatenga choko. Mwana wanga anaima pakhomo la kalasi, n'kufoletsa anzake onse pamzere, n'kuyamba kuwayesa mmodzimmodzi. Ogwira khutu analowa. Anayi amene analephera anawabweza, n'kuwauza mokoma mtima kuti asalire, azikadya chibwabwa, adzabwere akakula.

Ndinaphimba kukamwa ndi dzanja. Mayi wa mapasa anali wokwiya zenizeni, koma atafika pa mawu a chibwabwa milomo inamugonja, ndipo anatembenukira kumbali. Ndinapepesa, ndinapepesanso, kenako ndinathamangira kushedi kumene bambo ake ankasankha fodya.

"Bambo a ana, siyani zimenezo. Mwana wanu wachotsa anthu sukulu."

Titafika kusukulu tinamupeza mwana atakhala kutsogolo, miyendo ataipinda, akuimba mokweza kuposa onse. Mphunzitsi wake, mtsikana wachichepere, anali atazungulira kale kuseri kwa zimbudzi kufunafuna ana osowawo. Tinatulutsa mwana panja. Bambo ake ananjuta kuti maso awo alingane ndi ake, ndipo ndinaona kuti zikuwavuta kuposa kunyamula belo la fodya.

"Mwana wanga, zija za khutu zinali zakale. Masiku ano sayesa khutu. Amaona zaka pakhadi."

"Koma munati..."

"Ndinanena. Ndinkafuna usiye kulira m'mawa. Ndinalakwa."

Mwana anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kusisita mutu wake, pamene tsitsi linali litangoyamba kumera ngati kapinga.

"Ndiye tsitsi langa ndinametera chiyani?"

Bambo ake anayang'ana nyerere zimene zinkadutsa pansi. Mwana anatembenukira kwa ine.

"Nanga chibwabwa chonse chija?"

"Chibwabwa chimakulitsa ndithu," ndinatero. "Pamenepo sindibweza mawu. Ukafunse kusikelo."

Sanalire. Anabwerera m'kalasi ali njo, ndipo tsiku lonselo sanayankhule ndi bambo ake. Chilichonse chinkadzera kwa ine, iwo ali pomwepo. "Amama, auzeni amuna anu kuti asunthe mwendo, ndikufuna kudutsa." Mkulu wake anaseka mpaka kutsamwa ndi madzi, ndipo ine ndinachita kudziluma lilime pomudzudzula kuti bambo satchulidwa choncho.

Madzulo ndinamutenga kuti tikapepese nyumba ndi nyumba. Panjira ndinamuphunzitsa mawu oti akanene, ndipo panyumba yoyamba anawanena bwino, atagwada, manja ali pamodzi. Panyumba ya mapasa anawonjezera ake.

"Pepani. Mawa mubwere. Zinali zabodza za adada."

Mayi wa mapasa anachita kukhala pansi pamtondo. Pofika mawa lake mudzi wonse unali utamva, ndipo kwa milungu ingapo bambo a ana anga akamadutsa panjinga, amuna anzawo pagolosale ankawapatsa moni atagwira khutu. Iwo ankangoliza belu n'kupitirira.

Kupepesako sikunamukwanire mwana wanga. Anaona kuti popeza ndiye anabweza anthu, ndiye ayeneranso kuwabweretsa. M'mawa mwake anadzuka nkhuku zisanatsike, m'chisanu chija, n'kuyamba kuzungulira makomo atatuwo akuitana anzake mmodzimmodzi. Anatero tsiku lotsatira, ndi linzakelo, mpaka chinakhala chizolowezi. Amayi aja anabweranso kudzadandaula, ulendo uno kuti mwana wanu amafika phala lisanapse, ndipo amaima pakhomo n'kumatiyang'ana mpaka timachita manyazi m'nyumba mwathu momwe. Ndinawauza kuti azingomupatsa supuni. Anayamba kudya phala kanayi m'mawa uliwonse, kwathu ndi kwa eni ake, ndipo masaya anatuluka.

Ndi bambo ake anagwirizana patapita masiku awiri. Iwo anabwera kuchokera ku boma ndi kabuku kolembamo ndi pensulo yofiira, n'kuziika patebulo. Mwana anazizungulira kangapo ngati mphaka. Kenako anazitenga, n'kukakhala pafupi nawo pakhonde, osati pafupi kwambiri.

"Adada, pali zinanso zimene munandinamiza?"

Bambowo anaganiza moona mtima. "Ukameza njere ya lalanje, mtengo sumera m'mimba."

"Ndinadziwa kale. Ndinameza zitatu kuti ndione."

Anatsegula kabukuko n'kuwapatsa pensulo kuti amusongolere. Iwo anatulutsa kampeni kawo, ndipo mwana anasendera mpaka mutu wake unatsamira pamkono pawo, akuwalangiza kuti asasongole kwambiri, ingathe msanga.

Januwale atafika analowa giredi yoyamba ndi yunifolomu imene ndinamusokera yaikulu dala, yofika kumapazi. Ananyamuka m'mamawa mvula ikuwaza, mkulu wake kumbuyo, iye kutsogolo ndi gulu lake. Masana anabwera matope ali mpaka m'mawondo, n'kundiuza kuti tsiku lonse angophunzitsidwa kagwiridwe ka pensulo, zinthu zimene iye anamaliza kalekale, ndipo mawa akawauza aphunzitsi kuti afulumireko. Ndinalowa kukhitchini kukamutengera chakudya. Pobwera ndinamupeza atagona pamphasa, pakamwa pali yasa, nsapato imodzi atavula, inayo ikadali kuphazi. Ndinamuvula, ndinavundikira mbale yake, n'kutulutsa nsapatozo panja kukazichotsa matope.